Galu Wokulira M'khola la Mbuzi

Anthu a m'deralo ankangowatchula kuti Mayi Ambuzi, ndipo iwo sankadandaula nalo dzinalo chifukwa mbuzi zinalidi moyo wawo. Koma chaka chimenecho afisi ndi nkhandwe anazolowera paphiri pomwe mbuzizo zinkadya. Lero kasowa kamwana, mawa wasowa mkota, ndipo khola linayamba kuoneka lalikulu.

Amuna awo, omwe anali kalipentala, anatopa nazo. "Amayi, tikuwetera afisi ife," anatero akupala thabwa. "Tigulitse zotsalazi maso akadali kuona."

"Mbuzi zanga sizichoka pano, bambo," anayankha mayiwo. "Njira ipezeka."

Njirayo inabwera ndi alamu awo, mng'ono wa amuna awowo. Ameneyu anali munthu wodziwa zonse, kuyambira kukonza wailesi mpaka kuchiza ng'ombe, ngakhale kuti iye analibe wailesi kapena ng'ombe. Tsiku lina anatulukira akukoka chigalu chachitali, cha miyendo ngati mitengo ndi chiuno chowonda. Dzina lake anati ndi Mphepo.

"Alamu, galu ndi msinkhu," anatero akudziguguda pachifuwa. "Fisi akangomuona ameneyu, athawa osacheuka. Koma muzimumana chakudya pang'ono kuti mtima uziwawa."

Mayi Ambuzi anakhulupirira. M'mawa mwake anatsegula khola n'kumasula Mphepo. Kamwana kena ka mbuzi kanadumpha n'kuyamba kuthamanga monga amachitira ana a mbuzi akakondwa. Makutu a Mphepo anaimirira. Mayiwo asanatsegule n'komwe pakamwa, galuyo anali atafika kale, kamwanako kali pansi, mwendo utathyoka. Mbuzi zina zonse zinabalalika m'tchire, ndipo mayiwo anatha tsiku lonse akuzisonkhanitsa, misozi ili m'maso.

Ananyamula kamwanako kupita nako kwa dokotala wa ziweto, Mphepo ali pachingwe. Dokotalayo anali mayi wamfupi wovala majombo. Anamanga mwendo wa kambuziko, kenako anayang'ana galuyo kuyambira kumphuno mpaka kumchira.

"Galu uyu ndi wabwino kwambiri, mayi," anatero. "Kungoti mwamulemba ntchito yosakhala yake."

"Wabwino? Wandithyolera mbuzi ameneyu!"

"Taonani miyendoyi, chifuwa chakuyachi ndi chiuno chowondachi. Uyu ndi wa mtundu wosaka ndi maso. Chilichonse chothamanga, magazi ake amamuuza kuti achigwire. Alipo enanso osaka ndi mphuno, aja a makutu olendewera, amene amalondola fungo tsiku lonse osatopa. Ena ndi okusa ziweto, amazizungulira n'kuzibweza kumene mbusa akufuna. Ena amaphunzitsidwa ntchito za apolisi. Onsewo ndi akuluakulu, koma mitima yawo ndi yosiyana."

"Nanga wa ine ndi uti?"

"Inu mukufuna wolonda ziweto. Amakhala wa mutu waukulu, thupi lolemera, wofatsa, wosakonda kuthamangitsa zinthu. Koma ameneyo sagulidwa atakula. Mumatenga kamwana kongoleka kuyamwa n'kukaika m'khola pamodzi ndi ana a mbuzi. Kazidya momwemo, kazigona momwemo. Musakalowetse m'nyumba, musamakanyamule ngati khanda. Kakule kakudziwa kuti abale ake ndi mbuzi. Katemera wa chiwewe ndi mankhwala a njoka zam'mimba musaiwale. Ndipo zomumana chakudyazo muzisiye. Galu wanjala salonda, amasaka."

"Zitenga nthawi yaitali bwanji?"

"Chaka chipitirira. Pakadali pano mlonda ndinu."

Mphepo anamupereka kwa mlenje wina amene alimi ankamuitana nguluwe zikavuta m'minda, ndipo kumeneko galuyo anatchuka. Dokotala uja anawalozera kwa mlimi woweta nkhosa, komwe anakatenga kagalu konenepa, ka mapazi aakulu ngati si ake. Anakatcha Chimtolo.

Amuna awo anakayang'ana kagaluko n'kupukusa mutu. "Ndalola, amayi. Koma ikangosowa mbuzi ina imodzi, ndikuitana wogula. Tisadzakangane."

Masiku oyamba anali owawa. Chimtolo ankalira m'kholamo, kulira komvetsa chisoni, ndipo Mayi Ambuzi ankafika mpaka pachitseko cha khola manja akuyabwa kuti amunyamule. Ankangomuikira chakudya ndi madzi, kumusisita pang'ono, n'kubwerera mtima ukuwawa. Atakulako anayamba kusewera moluma makutu a ana a mbuzi, ndipo mayiwo ankamudzudzula pomwepo ndi mawu olimba mpaka anasiya. Tsiku ndi tsiku ankakwera phiri ndi mbuzi zawo, dzuwa liwombe, mvula igwe. Zidendene zinang'ambika, nsapato zinatha, koma sanajombe.

Alamu aja sanasowe chonena. Akadutsa n'kuona chigalu chitagona pakati pa mbuzi, maso ali theka, ankaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Alamu, mlonda wanu uja wayamba kudya udzu? Posachedwa alira kuti mee! Galu wanji wosauwa anthu odutsa?"

"Musiyeni agone, alamu," ankayankha mayiwo. "Sanabwere kudzasangalatsa inu."

Kunena zoona, nawonso nthawi zina ankakayika. Chimtolo anakula n'kufika m'chiuno mwa munthu, koma ulesi wake unali wochititsa manyazi. Ana a mbuzi ankamukwera pamsana, iye osatekeseka.

Tsiku lina Mayi Ambuzi anadzuka ndi malungo, mutu ukulemera, ndipo sanathe kukwera phiri. Mbuzi zinapita ndi Chimtolo yekha. Madzulo zinabwera zokha pamzere, koma mkota wina woyera, amene anali ndi bere lotopa, panalibe. Chimtolo nayenso panalibe.

Amuna awo sanakalipe. Anangoti, "Mawu anga aja mukuwakumbukira, amayi," n'kutumiza uthenga kwa wogula kuti afike m'mawa. Alamu anawonjezera kuti mwina galuyo ndi amene wadya mkotawo, n'chifukwa chake akuchita manyazi kubwera.

Kutangocha, mayiwo anamanga mpango kumutu n'kutenga ndodo. Anatuluka panja malungo aja asanawasiye.

"Mukupita kuti mukudwala chonchi?" anafunsa amuna awo.

"Ndikaone ndi maso anga. Ngati ndi mafupa, ndikawaone mafupawo."

Bamboyo anasiya zida zake n'kuwatsatira. Anayenda mpaka kuseri kwa phiri, mayiwo akuitana dzina la galu wawo, mawu akusasa. Kenako anamva kuuwa kumodzi, kwakuya, kuchokera pansi pa thanthwe.

Mkota uja anali pamenepo, wamoyo, akuyamwitsa ana awiri obadwa kumene. Kutsogolo kwake kunagona Chimtolo, khutu litang'ambika, phewa lili magazi okhaokha. Dothi lonse lozungulira thanthwelo linali litapondedwapondedwa ndi mapazi a afisi, koma panalibe phazi ngakhale limodzi lomwe linafika pomwe panali anawo.

Mayi Ambuzi anagwada n'kugwira mutu waukulu uja ndi manja onse awiri, ndipo analira mosabisa. Amuna awo anayesa kumudzutsa galuyo kuti atsogole, koma galuyo anakana kusuntha. Anadikira mpaka mayiwo atanyamula ana a mbuziwo, mkota n'kuyamba kuwatsatira. Apo m'pamene anadzuka, akutsimphina, n'kubwera pambuyo pa onse. Phewa litamukanika galuyo panjira, kalipentala uja anavula malaya ake, anamanga balalo, n'kumunyamula pamapewa ngakhale ankalemera ngati thumba la simenti.

Atafika pakhomo anapeza wogula atakhala pa benchi ndi alamu, zingwe zili m'manja.

"Ndiyambe kumanga ziti, bambo?" anafunsa wogulayo.

Bamboyo anatsitsa Chimtolo pansi mosamala, thukuta lili kamukamu. "Pepani, achimwene, mwayenda ulendo wachabe. Pano palibe mbuzi yogulitsa." Kenako anatembenukira kwa mng'ono wake. "Iwe, thamanga ukaitane adokotala. Uwauze kuti mlonda wathu wavulala pantchito."

Phunziro: Agalu akuluakulu sali ofanana. Alipo osaka, okusa ziweto ndi olonda, ndipo aliyense amachita bwino pa ntchito ya mtundu wake. Musanatenge galu, funsani alangizi a ziweto, kenako mudyetseni bwino, mubayitseni katemera ndi kumuphunzitsa moleza mtima.