Tiagalu Pakhomo la Kanema

"Kasiyeni, lero samenyedwa," anatero Phulmaya osatembenuka n'komwe, uku akupaka kagalu kachitatu kadontho kofiira pamphumi.

Mwamuna wake, Tek, anatsitsa dzanja. Nsapato yake yatsopano, imene anagula kunja, ku Doha, tsiku limene anasiya ntchito, inali itatafunidwa kunsonga konse. Koma linali tsiku la agalu pa chikondwerero cha Tihar, ndipo m'tauni yawo yonse ya Dharan agalu anali atavekedwa nkhata za maluwa achikasu. Panalibe wowamenya, panalibe wowamanga.

Tek anatha zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri akusenza zitsulo m'chipululu, kunyumba n'kubwerako kanayi kokha. Tsopano anali atabwereratu, koma mwana wake Anjila ankangomutchula "inuyo", ngati mlendo wodzapempha machesi. Mawu oti "ababa" anali asanawamve chifikireni. N'chifukwa chake anagula matikiti atatu a kanema wa masana. Ankaganiza kuti akakhala moyandikana n'kuseka chinthu chimodzi, mwina pakamwa pa mwanayo pangamasuke.

"Tiagaluti tingotitsekera m'bafa," anatero.

"Lero? Bambo ake a Anjila, dzuwa la kumeneko linakuwotchani mutu eti? Mukufuna tsoka lilowe m'nyumba muno?"

"Nanga tikatisiya pabwalo? Dzulo tagubuduza nyali zonse, mafuta n'kunyambita."

Anjila ndi amene anatola tiagaluto, galu wotibereka atagundidwa ndi lole. Anatinyamula kamodzikamodzi n'kutiika m'chikwama cha nsalu, n'kutsogola.

Nyumba ya kanema imene Tek ankaidziwa inali itagwetsedwa kalekale. Mipando ya matabwa yodzaza nsikidzi ija, mluzu wa anyamata, makoko a mtedza pansi, zonse zinapita. Pamalopo panali chinyumba cha magalasi, chozizira ngati zija ankamanga iye ku Doha. Anathawa chipululu, chipululu n'kufika kwawo iye asanafike.

Pakhomo mlonda ankasecha zikwama. Atatsegula cha Anjila, kamutu kakuda kanasuzumira, nkhata ya maluwa ili m'khosi. Mlondayo anaphatikiza manja n'kukaweramira mwaulemu.

"Akuluakuluwa lero ndi tsiku lawo, achimwene, sitikukana. Koma muno salowa."

"Ndi ana awa, akangogona," anatero Tek.

"Agona? Onani, wina wayamba kale kundidyera lamba wa wotchi."

Anthu a kumbuyo anayamba kung'ung'udza. Phulmaya anapumira m'mwamba. Anjila anakumbatira chikwama chija.

"Lowani inuyo," anatero mtsikanayo akuyang'ana pansi. "Ine nditsala."

Tek anayang'ana matikiti aja. Anali atasankha yekha mipando, wake pakati. Anaganiza zokalipa, koma mphamvu yake analibe.

"Lowa ndi amayi ako. Ine akanema ndinaonera okwanira."

Linali bodza. Zaka zonsezo ankangoonera pa foni yosweka ya mnzake, anthu asanu ndi mmodzi atapanikizana pa bedi limodzi. Anatenga chikwamacho n'kukakhala pa masitepe a panja.

Tiagaluto sitinamupatse mpata. Kena kanathamangira ngolo ya wogulitsa tiyi, kena kanalowa pansi pa njinga yamoto, kakuda kaja kanamunyowetsa buluku. Akagwira kawiri, kachitatu kathawa. Mayi wina wodutsa anaima n'kutiponyera bisiketi, iye osamuyang'ana n'komwe. Patatha ola anali atatopa kuposa mmene ankatopera pa ntchito, ndipo anangotiunjika pamiyendo, maluwa ali mbwee pa masitepe.

Nthawi yopuma pakati pa kanema itakwana, anaona Anjila akutsika, kapepala ka mbuliwuli kali m'manja. Anakhala pambali pake, osati pafupi kwenikweni.

"Bwerera, ayambanso posachedwa."

"Kanemayu ndi wabodza," anatero Anjila. "Munthu wakhala kunja zaka makumi awiri, wangofika pakhomo, onse ayamba kuvina. Ndani amatero?"

Belu linalira mkatimo, anthu n'kuyamba kubwerera, koma mtsikanayo sanadzuke. Anamulozetsa kapepala kaja, Tek n'kutapako pang'ono. Anadyera limodzi, magalimoto akudutsa.

"Ababa," anatero Anjila, "kakuda kaja kakudya nsapato yanu inayo."

Tek sanasunthe phazi.

"Kasiye," anatero. "Lero samenyedwa."