Mbewa za Emelia

Emelia, mwana wanga, anafika kuchokera ku Lusaka atabereka mwana wake Levison kumbuyo, n'kundipeza ndikusenda nshawa pakhonde kuno ku Vubwi. Moni anaupereka wautali ngati wa mkamwini.

"Lankhula, iwe. Dzuwa likupita," ndinatero.

Akuti sukulu ina yaikulu kutsidya kwa nyanja yamuitana kukaphunzira za ubongo. Osati kung'amba mitu ngati adokotala, koma kuwerengera pa kompyuta mmene timitsempha ta m'mutu timalankhulirana. Vuto linali Levison, amene anali atangoyamba kuyenda. Kumeneko sangapite naye. Ine ndikakana kumusunga, malowo apatsa wina.

"Ubongo wake wa ndani?"

"Wa makoswe, amama."

Ndinaika lichero pansi. "Sukulu yonse ija, mapeto ake makoswe? Ali m'nkhokwe umo, aulere, kawagwire. Azimayi a kutchalitchi ndikawauze chiyani? Kuti unataya mwana n'kupita kukaweta makoswe a azungu? Bwerera naye."

Anangotulutsa foni n'kundiikira pamwendo. Ndinaona kanyama koyera ngati ufa kakuthamanga m'tinjira ta matabwa, ndipo foniyo inkalira the-the-the, ngati chimanga m'chiwaya. Akuti ndi ubongo wake umenewo, malo alionse ali ndi kaphokoso kake. Kenaka kanyamako kanadzipinda n'kugona. Phokoso lija linayambanso, mndandanda womwewo, koma mofulumira.

"Kagona, koma m'mutu kakuyendanso njira ija," anatero Emelia. "Ndikufuna kudziwa chifukwa chake."

Kunali kotentha, mphepo itaima. Ndinayang'ana munda wathu wokololedwa uja, ndipo ndinaona ngati nthaka yasanduka galasi. Pansi pake tinyama tambirimbiri titagona m'mauna, kalikonse kakuyenda njira yake osasuntha phazi, tinjirato tikuwala mpaka kumapiri a ku Mozambiki. Nanenso ndinapezeka pa njira ya kwathu ku Mkaika, ndili mtsikana, mtsuko pamutu, mchenga ukuotcha mapazi, amai anga akundiitana kuseri kwa mtengo wa mango. Njira imeneyo analimapo thonje kalekale. Kani ikadalipo, m'mutu muno.

Nkhuku inajompha m'lichero, ndinadzidzimuka.

"Aka si khoswe," ndinatero. "Ndi mbewa."

"Amama, ndi ta m'nyumba timeneti, sitidyedwa."

"Ndakufunsa? Ndati mbewa. Mbewa ndi ndiwo, ili ndi ulemu wake. Munthu akakufunsa pa basi, uziti mbewa. Ukangoti khoswe, mwana wako ndikutumizira pa ndege."

Anaseka, misozi ili m'maso. Ndinamuuza kuti asafulumire kuseka, sindinamalize. Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi aziimba foni, alankhule ndi mwanayo m'Chichewa, osati chizungu cha m'mphuno. Mwanayo azinditcha ambuya, dzina la amama ndi la mwini wake. Ndipo akamaliza abwere yekha kudzamutenga, asadzatume munthu.

"Ndamva, amama."

"Wamva chiyani? Bwereza."

Anabwereza zonse, chimodzichimodzi, ngati pa katekisimu.

Ndinaimirira, ndinakutumula makoko pachitenje, ndipo ndinamupatsa msana. Anamasula Levison ali m'tulo n'kumuika pa ine. Anali wofunda, wolemera kuposa mmene ankaonekera.

"Umamudyetsa miyala?" ndinafunsa. "Manga bwino apa, iwe, agwa."