Nkhuku Yopanda Mchere

Teleza anabwerera ku ntchito dothi la pamanda a mwamuna wake lisanaume. Nanga akanatani? Kunyumba kunali ana awiri, ndipo a Crispin, manejala wa lesitilanti ya pa esiteti, anali atamuuza kale poyera kuti mlendo wina akadzangodandaulanso, basi, asiye epuloni. Dandaulo loyamba linali la supu wozizira, masiku aja ankagonera kuchipatala kudwazika malemuwo. Koma mlendo zimenezo zimamukhudza? Mlendo amangoona mbale yake.

Ntchito ya Teleza inali yoperekera zakudya. Tsikulo kunagwa chiperoni, minda ya tiyi yonse ili mbuu, ndipo a Mabvuto ophika anali atapita ku Bvumbwe kukagula masamba, minibasi n'kuwafera pa njira. Posakhalitsa, galimoto yoyera iyo pa geti: bambo wa ku Blantyre, mkazi wake, ndi kamwana kakakazi kongoyamba kumene kuyenda. Anaitanitsa nkhuku ya lokolo ndi mpunga. A Crispin anangosuzumira kukhitchini n'kuuza Teleza kuti aphike yekha, kodi si mzimayi?

Kuphika sikunali vuto. Vuto linali mchere. Kwawo ku Goliati, mkazi wofedwa sathira mchere mu ndiwo za anthu mpaka akuchimuna atamusudzula. Akathira, odyawo amatupa, amatsokomola, ndipo woyamba kugwa amakhala mwana. Ena amati n'zachikale. Ngakhale Telezayo, munthu wa kwaya kumpingo, chaka chatha akanaseka nawo. Koma munthu woti wangoona kumene bokosi likutsikira m'dzenje sasewera ndi imfa.

Anafunafuna woti amuthirire. Wakudimba anali pa tchuthi. A Crispin anali pakhonde kuseka ndi alendo, komanso iwowa ankakonda kunena kuti za kumudzi zizitsala pa geti. Teleza anatapa mchere pa supuni n'kupita nawo pa poto. Apo n'kuti kamwana kaja katafika pakhomo la khitchini, chala m'kamwa, kakumuyang'ana. Anaubweza mcherewo m'chitini.

Chakudya chinachedwa, inde, nkhuku ya lokolo siimva changu. Anaika kabotolo ka mchere pafupi ndi mbale ya bamboyo. Bamboyo analawa kamodzi n'kuika foloko pansi. Sanakalipe ayi, bola akanakalipa. Anayankhula mofatsa, uku akusakaniza Chingerezi, kuti wadikira nthawi yonseyi kudikira nkhuku ya madzi, kuti mchere wothira pamwamba sulowa m'nyama, kuti iye tipu amapatsa anthu odziwa ntchito. Zonsezo zinali zoona, ndipo n'zimene zinkawawa.

A Crispin anamufunsa Teleza pamaso pa alendowo ngati anaiwala.

"Sindinaiwale, bwana."

Kupitirira apo sakanatha. Za kusudzula n'zonena pa tebulo, anthu achilendo akudya? Anangozolika. A Crispin anapepesa alendowo, kenako n'kumunong'oneza kuti akamaliza kutsuka mbale asiye epuloni.

Anatsuka zonse, ndi poto yemwe. Atavula kachipewa ka ntchito, duku lakuda linaonekera, ndipo umu ndi mmene mayi uja anamupezera atabwera kudzapempha madzi osambitsa mwana m'manja. Mayiyo anayang'ana dukulo, n'kuyang'ana chitini cha mchere. Anafunsa kuti watisiya ndani. Teleza anati bambo a kunyumba. Anafunsanso ngati anamusudzula, Teleza n'kupukusa mutu.

Mayiyo anatsegula kachikwama, napinda ndalama, n'kugwada pa simenti yonyowayo ndi diresi lake lodula. Anamupatsa ndi manja awiri.

"Iyi si tipu, achemwali. Pepani maliro."

Apo m'pamene Teleza analira, misozi yomwe anaimeza kuyambira m'mawa. Mayiyo anapita kukamupepesera kwa a Crispin, mwamuna wake naye anayankhulapo mwamanyazi. Koma a Crispin, mutu wouma uja, anati manejala akabweza mawu, mawa antchito onse amukwera pamutu.

Teleza anatsika ndi kanjira ka m'mphepete mwa tiyi, akuganiza zokalembetsa ntchito yothyola tiyi mvula ikayamba, ngati kapitawo angamulole. Mantha anali nawo ndithu, poti ana aja madzulo amufunsa chifukwa chake wafika msanga. Pa mphambano galimoto yoyera ija inamudutsa pang'onopang'ono. Pawindo lakumbuyo kamwana kaja kankakukuta fupa la nkhuku, mafuta mpaka m'masaya. Teleza anaima n'kukayang'ana mpaka chifunga chinameza galimotoyo. Ntchito inali itapita, zoona. Koma mwana wa eni anali atadya chophika iye, ndipo ankapita kwawo wamoyo.