Kompyuta ya Malemu a Tiong-gi

Kompyuta ya malemu a Tiong-gi inali itakalamba, mapulogalamu atsopano itayamba kuwakana. Mdzukulu wawo Pei-shan anafika kwa agogo ake aakazi ku Tainan kuchokera ku Taipei ndi timafulashi tiwiri, kalikonse ndi mtundu wake wa Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta.

"Agogo, sankhani. Aka n'kothamanga, kamasintha sabata iliyonse. Aka n'kodekha, kamatha zaka osagwedezeka."

Agogo a Giok-lan, akazi a malemuwo, sanasankhe. M'makinamo munali mawu a amuna awo akuimba nyimbo za asodzi, ndipo ana a lerowa muziwaopa, chala chawo chimafufuta mutu usanaganize.

"Usakhudze! Mawuwo uyambe wawakopera pena, ndiwamve ndi makutu angawa."

Pei-shan anakopera, iwo namvetsera nyimbo iliyonse mpaka kumapeto. Kenako anati, "Makinawa ali ndi eni ake. Tiwafunse."

Anayatsa lubani patsogolo pa chithunzi cha malemuwo, natenga timatabwa tiwiri tofiira tofunsira mizimu. Kena kakagwa chagada kena chafufumimba, ndiye kuti avomera.

"Bambo, tiike kothamangaka?"

Anagwada, natiponya pansi. Avomera.

Pei-shan anaomba m'manja. "Mwaonatu! Agogo aamuna ndi achinyamata!"

"Achinyamata ati? Munthu wogula njinga yamoto m'mawa, madzulo n'kukagwera nayo m'dziwe la nsomba? Iwe ukabwerera ku Taipei, chinthuchi n'kudzuka chitasintha nkhope, ndidzaitana ndani? Mawuwo ndidzawapeza pati?"

Agogo anagwadanso, natola timatabwa tija. "Nkhalamba inu, mumve bwino. Kodekhaka?"

Tonse tiwiri chagada: malemu akuseka.

"Sekani, sekani. Ine pano sindichoka."

Anaponyanso, tonse chafufumimba: akana. Mawondo anayamba kuyaka moto, koma ankangotola n'kuponya, kutola n'kuponya, uku akuwakumbutsa za dziwe lija. Lubani atatsala pang'ono kuthera, kena chagada, kena chafufumimba.

"Agogo, kumeneko n'kubera!"

"Limenelo ndiye banja, mwana iwe. Ika kodekhako, ndipo chala chakocho ndikuchiyang'ana."

Anakhala pambali pake osaphethira, akuchenjeza pa chilichonse chimene chawala. Zitatha, analamula kuti nyimbozo zikhale poonekera, pa chizindikiro chimodzi chachikulu, nakankha dzanja la mdzukuluyo.

"Choka. Mawa kulibe iwe."

Anadina okha. Koyamba anaphonya. Kachiwiri, a Tiong-gi anatsokomola, nayamba kuimba ndi mawu awo osasa aja.