Wotchi ya Alendo

"Ababa, pa mawotchi awiriwa, yonama ndi iti?"

Mwana wawo wamkazi anafunsa funso limeneli ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, atagwira manja onse awiri a bambo ake. Bamboyo anaseka. "Palibe yonama, mwana wanga. Yakumanzereyi ndi yathu. Yakumanjayi ndi ya alendo."

Nasingano, monga ankamutchulira anthu a mumsewu wawo chifukwa cha ntchito yake yosoka, anakumbukira funsolo m'mawa wa tsiku lachinayi chimuikireni mwamuna wake m'manda. Anali ataima pakhomo la kuchipinda. Pabalaza, pampando wa malemu, panakhala mlamu wake, mkulu wa malemuyo, akupotokola kachitsulo ka wotchi yakumanja ija.

"Mng'ono wanga anali munthu wabwino," anatero mlamuyo, "koma zinthu zake zinali zosalongosoka. Taonani wotchi iyi. Ola lathunthu patsogolo! Ikuthamangira kuti, kumaliro?" Anayang'ana pafoni yake, n'kubweza mivi mpaka nthawi ziwirizo zinafanana.

Nasingano anaona zonsezo ali pakhomo paja.

Mwamuna wake anali woyendetsa boti. Sitima zikuluzikulu za alendo oona malo zikaima padoko kwa tsiku limodzi, iye ankanyamula anthu khumi ndi awiri kupita nawo kuchilumba, ulendo wa mphindi makumi anayi, n'kuwabweza sitima isananyamuke. Koma sitima zina sizisintha mawotchi ake zikafika padoko, zimasunga nthawi ya kumene zachokera. Imene inkafika tsikulo inali imodzi mwa zimenezo. Inkabwera kawiri pamwezi, ndipo ikanena kuti folo koloko aliyense akhale atakwera, kumtunda kuno imakhala fili koloko. Malemu anali atatchera kale wotchiyo asanagwe m'bafa n'kumwalira. Yakumanzere inali itapita ndi amalume ena tsiku la maliro. Mwana uja, amene tsopano anali namwino mumzinda wakutali, anali atabwerera kuntchito dzulo lake. M'nyumba monsemo wodziwa chinsinsi cha wotchi anatsala Nasingano yekha.

"Lero ndikabwerako kuchilumba ndipita kwa kapitawo wa padoko," mlamuyo anapitiriza uku akumanga wotchi pamkono. "Akalembe nambala ya boti ija m'dzina langa."

"M'dzina lanu?"

"Nanga la ndani? Nambala si singano, alamu. Imafuna mwamuna wa m'banja."

"Injini ili pabotiyo tinagula ndi ndalama za makina anga osokera aja ndinagulitsa."

"Ndiye mukufuna tikugawireni injini muzigona nayo?"

Mlongo wa malemu, amene anakhala pansi akupinda malaya a m'bale wake ndi kuwaika m'chikwama chake, anaseka chamumtima. "Musadandaule, alamu. Achimwene sadzakuiwalani. Mwina ndi mwina azikukumbukirani."

Mwina ndi mwina. Nasingano anayang'ana malaya abuluu aja, amene iye anasoka mabatani ake katatu, akulowa m'chikwama. Mumtima mwake munadutsa mawu ozizira: chakupsa chipse.

"Ndipita nawo kuchilumbako," anatero.

"Misozi isanaume?" anadabwa mlongoyo. "Anthu ati chiyani?"

"Ikauma komweko. Panyanja pali mphepo."

Padoko panali bolodi lalitali lokhomedwa misomali, ndipo pamsomali uliwonse panapachikidwa kachitsulo ka nambala. Boti lopanda nambala pabolodipo silinkaloledwa kunyamula mlendo. Lamulo lalikulu linali limodzi: wochedwetsa alendo, nambala yake imatsitsidwa chaka chathunthu, ndipo ofuna msomali umenewo anali ambiri ngati nyerere pa shuga. Ya malemu inali seveni. Eyiti inali ya a Chipewa, neba wawo wa kuseri kwa mpanda, munthu wachikulire amene sankavula chipewa chake chansalu ngakhale m'tchalitchi. Mkazi wawo anamwalira kale, ndipo ankalera zidzukulu zitatu.

"Aneba, mwatuluka?" anafunsa a Chipewa atamva mawu ake. "Pepanitu. Koma mwachita bwino kuti boti lisagone."

Sitima inali itaima ngati phiri loyera lokhala ndi mawindo. Alendo anatsika ndi zipewa zawo zazikulu, miyendo yodzola mafuta a dzuwa. Mlamu anawakweza mwaulemu wodabwitsa, akumwetulira mpaka mano a kumapeto. Injini ankaidziwa, poti anakulira pamadzi asanayambe kuyendetsa matola. Anailiza kamodzi, boti n'kunyamuka, a Chipewa akutsatira pambuyo.

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri Nasingano anakhala akusoka nsalu za mipando ya boti limeneli, koma chilumbacho anali asanapondepo. Mwamuna wake ankati mpando uliwonse ndi wa mlendo, ndipo tsiku lopanda sitima mafuta ndi odula. Atafika anapeza mchenga woyera, miyala yakuda, ndi nsanja yakale ya nyali yomwe inalibenso denga. Basi. Zimenezi ndi zimene zinkadya mwamuna wake m'mawa uliwonse.

Anakhala pamthunzi wa mwala. Mayi wina mlendo, wofiira mapewa, anabwera n'kumujambula, kenako anafunsa china chake m'chilankhulo chakwawo. Mlamu anathamangira kudzayankha, akuloza Nasingano, akuloza boti, kenako n'kupendeketsa mutu ndi kutseka maso kusonyeza munthu wakufa. Mayiyo anagwira pachifuwa, anasisita dzanja la Nasingano kawiri, n'kuvala magalasi ake osambira kupita kukaona nsomba.

Foni ya Nasingano itasonyeza thu koloko, maboti ena anayamba kuitana anthu awo. Imeneyo ndiyo nthawi imene mwamuna wake ankanyamuka, kusiya mpata woti mwina injini ivuta. Linachoka loyamba, lachiwiri, lachitatu.

"Amantha awo," anatero mlamu, atagona chagada pamchenga. "Anthu abwera kudzaona chilumba, osati kudzachinunkhiza." Alendo akewo sanadandaule. Mafoni awo anali atasintha okha kutsata nthawi ya kumtunda, ndipo papepala lawo panalembedwa folo.

Gombe litatsala ndi maboti awiri, a Chipewa anayenda pang'onopang'ono kubwera pamwala paja.

"Akulu, nthawi ikuti bwanji? Ndikumva ngati kwachita zii."

Mlamu anatukula mkono kuti wotchi ing'anime. "Thu koloko yangopitirira kumene, madala. Sitima ndi folo. Khalani pansi mupume."

A Chipewa anaimabe. Anatembenuzira chipewa chawo kumene kunali Nasingano. "Aneba, ndi choncho eti?"

Nasingano anatola kachigoba pamchenga n'kuyamba kukapukuta ndi chala. Ankaganiza kuti munthu wa zaka makumi anayi pamadzi ali ndi wotchi yake m'thumba, akungofunsa mwaulemu, anyamuka yekha. Ankaganizanso za malaya abuluu aja. Sanayankhe. A Chipewa anadikira pang'ono, kenako anabwerera kukakhala m'boti lawo.

Hutala ya sitima inamveka patapita nthawi, yotalika, yochokera kutali ngati ng'ombe yolira kutsidya. Bambo wina mlendo amene anali ndi wotchi yapamkono yosunga nthawi ya sitima anaiyang'ana, n'kukuwa. Pagombe panadzuka chipwirikiti. Ena ankathamanga ndi nsapato imodzi, ena ankakoka ana m'madzi, ndipo awiri anali kunsanja ya nyali, kotero kuti mlamu anachita kuwathamangira akugwa m'miyala. Ulendo wobwerera palibe anajambula chithunzi. Mayi wofiira mapewa uja ankalira, akutchula dzina la munthu amene anatsala m'sitima.

Sitima inadikira. Anafika makwerero atatsala amodzi, mkulu wina wovala zoyera ataima pamwamba pake nkhope ili gwa. Alendo anakwera osatsanzika. Kapitawo wa padoko sanakalipe. Anapita pabolodi, anachotsa seveni n'kuika m'thumba. Anaima kanthawi, kenako anachotsanso eyiti.

"A Chipewa, inu sindikumvetsani. Uyu ndi mlendo pantchito, koma inu? Lolemba mubwere ku ofesi mudzafotokoze. Mukalephera, chaka."

Kunyumba mlamu anavula wotchi n'kuiponya pampando. "Munthu amasiya zinthu zosokonekera chonchi? Wandichititsa manyazi ali m'manda." Za kulemba nambala m'dzina lake sanazitchulenso. M'mawa mwake iye ndi mlongo wake anakwera basi, zikwama zitatupa, akunena kuti za boti adzakambirana likapezeka wogula.

Nasingano anasesa pabalaza, anatsuka makapu onse amene anthu a pamaliro anamwera. Ankayembekezera kuti amva kukoma, koma m'kamwa munali ngati watafuna phulusa. Dzuwa litapendeka anamva a Chipewa akukhomakhoma kuseri kwa mpanda, ndipo anapita kukaima pamene matabwa awiri anaguluka.

"Aneba," anayamba Nasingano, "dzulo munandifunsa."

"Ndinakufunsani."

"Ndinkadziwa. Ndinawaona alamu akubweza wotchi m'mawa. Ndinafuna kuti nambala ipse, asaidye iwo." Anayandikira pampata paja. "Koma inu bwanji simunanyamuke? Simunaone anzanu akuchoka? Wotchi mulibe?"

A Chipewa anaika hamala pansi. Kenako anavula chipewa chija. Maso awo onse awiri anali otuwa pakati, ngati madzi otsukira mpunga.

"Chaka chachisanu chino," anatero. "Ng'ala. Kuchipatala akuti ndili pamzere. Wotchi ndili nayo, koma ndimangomva kugunda kwake. Inu pamenepo ndikuona nsalu yakuda, nkhope ayi."

"Ndiye mumanyamula ana a eni ake muli choncho?"

"Ndimatsata seveni." Anazunguza chipewa m'manja. "Amuna anu anandigwira tsiku lina nditaphonya msomali wanga pabolodi. Sananene kanthu. Sabata yotsatira ndinangopeza apaka kumbuyo kwa boti lawo penti wachikasu, uja wowala ngati wa pamsewu. Chikasu ndimachiona. Mwezi uliwonse ankapakanso. Akamanyamuka ankamenya boti ndi nkhafi katatu, ine n'kuliza injini. Pamiyala ya pakamwa pa doko ankachepetsa liwiro kuti ndiyandikire. Alendo awo ankadandaula kuti boti ndi laulesi."

Nasingano anagwira thabwa la mpanda. Mabuluku onse a mwamuna wake anali ndi madontho achikasu osachoka, ndipo iye anakhala akumunena kuti ndi wachibwana, nkhalamba yokongoletsa boti kumatako. Mwamunayo ankangoti, "Limakonda kutchena."

"Sanandiuze," anatero.

"Anati mkazi wanga ndi woona mtima kwambiri, kapitawo akamufunsa sangathe kunama."

Nasingano anaseka kuseka kouma, kosafika m'maso. Mdzukulu wina anasuzumira pakhomo la a Chipewa, n'kubwereranso m'nyumba.

"Lolemba akakakupimani maso?"

"Ndikalephera kufotokoza, akayamba pamenepo. Ndipo sichikhala chaka, chikhala mpaka imfa."

"Ndipita nanu. Ndikanena kuti munafunsa nthawi pamaso panga, ine ndikudziwa, ndipo ndinakhala chete. Limenelo si bodza. Andinene mumsewu monse, ndazolowera kale sabata ino." Anapuma. "Koma mukabwezeredwa eyiti, simunyamulanso mlendo muli nokha. Kutsogolo kwa boti ndizikhala ine mpaka mzere wakuchipatalawo ukufikeni. Mukakana, za maso ndikanena ndekha."

"Mpando umenewo ndi wa mlendo, aneba."

"Mawu amenewo ndawamva zaka zambiri. Akwana."

A Chipewa anavalanso chipewa chawo, n'kuchikokera pamphumi. Anatambasula dzanja kudutsa pampata wa mpanda, koma linapita pambali, pamene panalibe munthu. Nasingano anasuntha phazi limodzi, n'kulipeza dzanjalo.

"Lolemba," anatero a Chipewa.

"Lolemba. Ndidzagogoda katatu."