Mabeseni Awiri

Kodi mungalote chimene chinam'patsa Chrispine udindo woyang'anira nthambi ya ku Limbe, udindo umene Salome ankauyembekezera?

Awiriwa ankagwira ntchito pa kampani ina ya inshuwalansi pakati pa mzinda wa Blantyre. Salome ndiye anayamba kulembedwa, ndipo ndi iye amene anam'phunzitsa Chrispine ntchito. Chaka chimenecho anzawo a mu ofesi anagula mabeseni awiri, matewera ndi sopo, monga ankachitira pokaona mwana. Beseni lina linapita ku Nkolokosa kwa Salome, amene anali atangobereka kumene, lina ku Mbayani kwa Chrispine, pakuti mkazi wake naye anachira sabata yomweyo.

Salome atabwerera kuntchito anapeza dzina lake litasintha. Aliyense ankamuitana kuti Amake Tamara. Tebulo lake analisunthira pafupi ndi khomo, ati kuti masana azituluka msanga kukayamwitsa. Mafayilo a makasitomala akuluakulu anali atagawidwa kwa ena. Zonsezi anam'chitira mwaulemu, ndipo palibe chimodzi chomwe iye anapempha.

Atamva kuti mkulu wa ku Limbe akupuma pantchito, anakagogoda kwa a Kingsford, bwana wawo.

"Bwana, malo a ku Limbe aja ine ndikuwafuna."

"Aa, Amake Tamara, takhalani pansi kaye. Kamwana kakugona bwino?"

"Kakugona. Ndimanena za ku Limbe."

"Kumene kuja amaweruka mochedwatu. Nanga tsiku lina kakatentha thupi, muthamangira kuti? Ife tikukuganizirani, mayi."

"Mng'ono wanga amakhala naye pakhomo. Kuweruka mochedwa ndinayamba kale, bwana, inu mukudziwa. Bwanji osandifunsa ineyo?"

A Kingsford anamwetulira, n'kunena kuti nkhaniyo aiona. Pomutsanzika anam'patsira moni wa mwana.

Lolemba lotsatira analengeza dzina la Chrispine. Salome anaomba nawo m'manja, kenaka analowa m'kakhitchini ka mu ofesi. Anapezamo a Dorothy, mlembi wa bwana, akutakasa tiyi.

"A Dorothy, inu munali mumsonkhano wosankha mkulu wa ku Limbe uja. Mnyamatayu anandiposa pati? Kapena ali ndi pepala limene ine ndilibe?"

"Pepala lake liti, mwanawe?" A Dorothy anaseka pang'ono. "Nanga beseni lachiwiri lija mwaliiwala? Ndinalinyamula ndekha mu minibasi mpaka ku Mbayani."

Salome anatsuka kapu yake, n'kuyang'ana wotchi ya pakhoma. Nthawi yokayamwitsa inali itakwana. Anatenga chikwama chake patebulo la pafupi ndi khomo lija, n'kutuluka.

Chimene chinam'patsa Chrispine udindowo chinali mwana. Mumsonkhano muja a Kingsford ananena kuti munthu amene wangokhala kumene bambo amafunika kumukweza, popeza tsopano ali ndi banja loti alidyetse.