Lendi Sikwera Mpunga Uli M'munda

Kalatayo ndinaipeza itakhomedwa pachitseko ndi msomali, mu Januwale 1957, ndikuchokera kuchitsime, Benedicta ali kumsana. Inali ya m'Chingerezi, yotayipa. Lendi ikwera kuchoka pa masheleni asanu kufika asanu ndi atatu kuyambira Febuluwale, wolephera atuluke. Pansi panali dzina la Fakiri, mwana wa eni nyumba, amene anali atangoyamba ukalaliki.

M'nyumba zinayi za Mayi Habiba, kuseri kwa msika wa Kotakota, wowerenga Chingerezi ndinali ndekha. Ndinawamasulira anzanga. Bambo ake Benedicta anali pantchito ku Halale, ndipo ankatumiza ndalama kamodzi pa miyezi itatu. Ngakhale ndikanawalembera tsiku lomwelo, yankho likanandipeza ndili kale pabwalo. Ndikanalowera kuti ndi khanda lodwala chifuwa, mvula ili pakati?

Lachisanu masana ndinasuzumira pazenera n'kuona Mayi Habiba akubwera pang'onopang'ono. Pambuyo pawo panali Mwalimu Sufiyani a kumzikiti, ndi Fakiri atanyamula mkeka. Abwera ndi mboni, ndinatero mumtima. Basi, atitulutsa.

Mayi Habiba anayalitsa mkeka pakhonde panga n'kutiitana tonse. Anayamba ndi moni, mmodzimmodzi, mpaka kufunsa za chifuwa cha mwana.

"Amake Benedicta, inu munapita patali ndi sukulu. Tandiwerengerani zimene akuti ndanena papepalapo, nanenso ndizimve."

Ndinawerenga osabisa kanthu. Iwo anamvetsera atagwira chibwano.

"Kodi ndine waukali chonchi? Iwe Fakiri, chitseko chinakuyankha chiyani utachiuza zimenezi?"

"Amayi, ku ofesi timatero. Chidziwitso chimakhala cholemba."

"Ku ofesi kwanuko kumagona ana?"

Mayi Habiba anakonza mpango wawo n'kutembenukira kwa ife.

"Ana anga, sindikunamizani, lendi ikwera. Udzu wadula, ofolera nawonso akufuna zambiri. Koma malemu bambo ake a uyu anandisiyira nyumbazi pamodzi ndi malamulo ake. Lendi sikwera mpunga uli m'munda. Sikwera kawiri pachaka. Ndipo wokweza amabwera yekha, n'kukhala pansi, pali mboni, kuti mnzakeyo amuyang'ane m'maso ndi kuyankha. Ndiye lero ndabwera. Tidzayamba mu Julayi, anthu atagulitsa mpunga. Masheleni asanu ndi awiri. Ali ndi mawu anene."

Mwajuma wogulitsa nsomba sanachedwe. "Amayi, kwanga kukudontha. Mwana ndikumugoneka pansi pa tebulo."

"Ndiye kwako sikukwera kufikira titafolera. Mwamva, Mwalimu?"

"Ndamva," anatero Mwalimu Sufiyani.

Ine amene ndimachita mantha ngakhale pofunsa mtengo wa mchere, ndinadzimva ndikulankhula. "Amayi, pepani. Bambo ake mwana ali kutali, sanakuoneni m'maso. Ndikawauza ndekha adzati ndikudzitonthoza."

Mayi Habiba anaseka. "Mwanena zoona. Wakutali ndiye wofunika pepala. Lembani inuyo zimene mwamvazi, m'Chinyanja. Uyu asaine m'munsi, poti dzanja likumuyabwa."

Ndinalemba pabondo, Benedicta akukoka pensulo. Mayi Habiba anandiuza kuti ndiwerenge mokweza kawiri, ndipo Fakiri anasaina.

Atapita ndinalowa m'nyumba, ndinatulutsa mitolo iwiri ya zovala imene ndinabisa kunsi kwa bedi, n'kuyamba kumasula.